CHENJEZO KWA IFE A KUCHIGWA KUNO: MABUKU ADZATSEGULIDWA

Ana anga, abale anga nonse kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka, mundilole ndilankhule ine wamkulu wanu, wopsa mtima apse bola wamva. Nkhani ya chiweruzo ija tinayisandutsa nyimbo ya pamaliro basi, tikangobwera kumanda tasamba mmanja aliyense wabwerera ku zake ngati sanamve kanthu.

Komatu ife kunoko sitiyenera kuuzidwa kawiri. 2015 madzi anabwera anthu a ku Makhanga anagona mmitengo, 2019 namondwe Idai, 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira dziko lonse nkukhala mumdima, 2023 Freddy uja. Wailesi imalengeza kuti samukirani kumtunda koma ena amvekere aaa Shire timamudziwa ife tinabadwira pompano. Ndi zomwe Ambuye Yesu ananena pa Mateyu 24 kuyambira ndime 37 za masiku a Nowa, anthu ankadya, ankamwa, ankakwatira ndi kukwatiwa mpaka chigumula chinawapeza. Sikuti sankadziwa kuti kuli Mulungu ayi, kusalabadira basi.

Tsono chondiwawa kwambiri nchakuti madzi akaphwera mpamene uchimo wathu umaonekera poyera. Thandizo likafika mmakampu, gogo wosatha kuyenda dzina lake palibe, mayi wa ana anayi amene nyumba yake inapita ndi madzi akuuzidwa kuti mayina anadzadza kale, koma mlamu wa a komiti yemwe nyumba yake yamalata siinang'aluke nkomwe walandira ufa, mafuta, bulangete ndi chidebe, mawa lake katundu yemweyo tikumuona pamsika. Anyakwawa ena mukudziwa zomwe ndikunena, musayang'ane kumbali. Ndiye Lamulungu muli kutsogolo mwavala yunifolomu yoyera mbee, mawu okweza kuposa aliyense. Tawerengani Mateyu 25 kuyambira ndime 31 muone zomwe zidzafunsidwe posiyanitsa nkhosa ndi mbuzi, ndi za wanjala, waludzu, mlendo, wausiwa, wodwala ndi wa mndende. Za yunifolomu mulibemo, za udindo wa mumpingo mulibemo. A boma mutha kuwapusitsa ndi mayina a anthu omwe anamwalira kalekale nkudinda chala chanu chomwe kasanu, koma Chivumbulutso 20:12 akuti akufa, akuluakulu ndi ang'onoang'ono omwe, adzaima pamaso pa mpando ndipo mabuku adzatsegulidwa. Mabuku amenewo salembedwa ndi komiti.

Inu mavenda ogula thonje, chitowe ndi nandolo ndi sikelo yofinya ija, Miyambo 11:1 akuti muyeso wachinyengo umamunyansa Yehova. Nanunso olembetsa ganyu kudimba, dzuwa la Okutobala la kuno mukulidziwa mmene limaotchera, munthu walima ndime yonse thukuta lili kamukamu inu nkumati ubwere mawa, mawa lakenso ubwere mawa mpaka watopa wasiya yekha. Yakobo 5:4 akuti malipiro amenewo akufuula ndipo kulirako kwamveka kumwamba.

Za amasiye ndiye ndimachita kusowa tulo. Bokosi lisanatuluke nkomwe mnyumba achibale a mwamuna ali kukhola kuwerenga ng'ombe, wina watenga ngolo wina njinga wina malata, ana nkusiya sukulu. Dziko lomwe lino linaika lamulo mu 2011 kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, nanga kuli bwanji kwa Iye amene amatchedwa atate wa ana amasiye? Ndipo ena mukukakamizabe namfedwa za kulowa kufa mobisa usiku, matenda mukuwadziwa, mapemphero mukupita, mukufuna muuzidwe ndi ndani?

Achinyamata, malipiro akangotuluka ku Nchalo ndalama yathera kubetcha pa foni ndi kachasu, pofika pa 10 muli kwa wakatapila, mkazi kunyumba akupempha mchere kwa aneba. Tikakuuzani mumati madala musatisokose tidzalapa tikakalamba. Anakulonjezani ukalamba ndani? Tawerengani manda atsopano kumudzi kwanu muone kuti mwagona ndani, ena njinga yamoto pamsewu wa M1, ena ng'ona pomwe amaonjola maukonde, ife okalambafe ndi amene tikukwirira inu. Aheberi 9:27 akuti munthu amafa kamodzi kenako chiweruzo, za mawa palibepo pamenepo.

Musathamangirenso kwa aneneri otchula tsiku la kutha kwa dziko uku akukugulitsani timabotolo ta madzi, mbuzi mwagulitsa munda mwausiya thengo eti Yesu akubwera mwezi wamawa. Tsikulo ngakhale angelo salidziwa, Mateyu 24:36. Limani mapira anu, ana apite kusukulu.

Zakeyu atalapa sanangolira ayi, analonjeza kubweza kanayi zonse anabera anthu, Luka 19:8. Ine sindikuti kanayi, yambani ndi kamodzi komweko. Amene muli ndi ng'ombe za ana amasiye mkhola mwanu itanani anyakwawa ndi akulu a mpingo sabata yomwe ino zibwerere kwa eni ake masana anthu akuona, waganyu uja mumpititsire ndalama yake kunyumba kwake musadikire kuti abwerenso, ndipo sikelo ijayo kaikonzetseni thonje lisanayambe kugulidwa.