Chakudya cha Obon chili ndi eni ake

Kanema wina amene ndamuona pa Facebook sabata ino wandikwiyitsa kwambiri, ndipo sindikuona chifukwa chobisira mkwiyo wanga. Mlendo wokaona malo ku Japan, amene banja lina linamulandira m'nyumba pa nthawi ya mwambo wa Obon, akuoneka atanyamula nkhaka yobayidwa timitengo tinayi n'kumaiyendetsa patebulo akuseka chikhakhali, kenako akutola ohagi, chotsekemera cha mpunga, pambale imene inali patsogolo pa guwa la banjalo n'kuponya m'kamwa, uku akuuza omutsatira kuti anthu a ku Japan amakonda kukongoletsa zakudya. Amene alemba ndemanga pansi pake akungofunsa kumene angagule zotsekemerazo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene wafunsa kuti mbaleyo inaikidwira ndani.

Chakudya chimenecho chili ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi akufa. Obon ndi masiku amene mabanja a ku Japan amakhulupirira kuti mizimu ya makolo awo imabwerera kunyumba kudzacheza, m'madera ambiri kuyambira pa 13 mpaka pa 16 Ogasiti, ngakhale kuti mbali zina za Tokyo zimachita mwambowu mu Julaye ndipo ku Okinawa amatsatirabe kalendala yakale yoyendera mwezi, kusiyana kumene kunadza dzikolo litasintha kalendala mu 1873. Madzulo a pa 13 amayatsa kamoto pakhomo, kotchedwa mukaebi, kuti makolowo asasochere. Nkhaka imene munthu uja ankaseweretsa ndi hatchi, ndipo amaipanga kuti agogo akwerepo afike msanga. Pambali pake pamakhala biringanya wamiyendo inayi amene ndi ng'ombe, yoti iwanyamule pobwerera pang'onopang'ono atasenza mphatso zawo, chifukwa palibe mwana amene amafuna kuti mayi ake achoke mofulumira. Ziwirizi sazidya n'komwe mwambo ukatha. Kodi munthu wamkulu, wokhala ndi maso awiri, angaone zimenezi n'kuganiza kuti ndi zidole za ana?

Ohagi uja, mpunga womata wokutidwa ndi nyemba zofiira za azuki zophika ndi shuga, sanaikidwe pamenepo kuti adikire mlendo wanjala. Anaikidwa kuti makolo adye poyamba. Chimodzimodzinso rakugan, tizotsekemera touma ta shuga ndi ufa wa mpunga toumbidwa m'maonekedwe a maluwa monga lotus, timene timapirira kutentha koopsa kwa Ogasiti osawonongeka. Mabanja ambiri amaphikanso timibulu ta ufa wa mpunga totchedwa dango, tina tolandirira makolowo tsiku loyamba ndi tina toyera towaperekezera tsiku lomaliza. Ngakhale kapu ya tiyi wobiriwira imene imaikidwa paguwa m'mamawa, pamodzi ndi mpunga wongophulidwa kumene ndi zofukiza, ndi ya iwowo. Amoyo amadya ndithu zimenezi, sindikukana, koma amadya zitachotsedwa paguwa, banja lonse lili pamodzi, monga zotsala za alendo olemekezeka. Kutambasula dzanja nthawi isanakwane ndi kulanda chakudya m'kamwa mwa munthu amene sangathe kudandaula.

Ena anena kuti mlendoyo sankadziwa, ndiponso kuti anthu ojambula makanema amathamangira zokopa maso kuti apeze owatsatira. Zimenezo n'zawo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Akanadekha n'kufunsa, akanapatsidwa zambiri zoti adye popanda kulakwira aliyense, pakuti nyengo yotentha ku Japan ili ndi zotsekemera zake za amoyo: mizu-yokan wozizira wa nyemba, warabi mochi wothiridwa ufa wa soya wokazinga, ndi mugicha, tiyi wa balere wokazinga amene amakhala m'firiji pafupifupi m'nyumba iliyonse ndipo amamwa ana ndi akulu omwe. Zonsezi mwini nyumba amazipereka ndi manja awiri. Koma mbale ya paguwa ndi ina, ndipo mwini wake ndi wina.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti anthu amenewa amavutika kuti mbaleyo ifike pamene inali. Obon si tchuthi cholamulidwa ndi boma, komabe makampani ambiri amatseka, sitima zothamanga kwambiri za Shinkansen zimadzaza mpaka ena kuima m'tinjira, misewu yotuluka mu Tokyo ndi Osaka imathinana, zonsezi kuti munthu akafike kwawo, akatsuke mwala wa pamanda ndi madzi, akazule udzu, akaike maluwa. Ngati m'banjamo mwachitika maliro posachedwa, Obon woyamba amaupachikira nyali yoyera, ndipo misozi imakhala isanaume. Pa 15 Ogasiti ndi tsiku lomwelo limene dzikolo limakumbukira kutha kwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse mu 1945, kotero m'nyumba zambiri amene akupatsidwa tiyi paguwapo ndi anyamata amene sanabwerere. Pa 16 usiku, nthawi ya 8 koloko, mzinda wa Kyoto umayamba kuyatsa moto waukulu pamapiri asanu, Gozan no Okuribi, ndipo magetsi ena amazimitsidwa kuti motowo, umene umaperekeza alendo osaonekawo, uoneke bwino. Kwina amayandamitsa nyali zamapepala pamtsinje. Ngakhale magule a Bon Odori, amene alendo amawakonda chifukwa cha ng'oma ndi zovala za yukata, anayambira pa kulandira ndi kusangalatsa akufa omwewo. Ndiye wina achoke kutsidya kwa nyanja, alowe m'nyumba yotere, aone zonsezi n'kunena kuti ndi chionetsero cha zakudya?

Ndipo nawonso eni dziko ena asaganize kuti ndawaiwala. Masiku ano ku Japan kuli makampani amene munthu amawalipira kuti akamuyendere kumanda, akatsuke mwala, akaike maluwa, kenako amutumizire chithunzi pafoni monga umboni. Kwa nkhalamba imene miyendo yakana ndikumvetsa ndithu. Koma mnyamata wathanzi amene wasungitsa ndege yopita ku Hawaii pa 13 Ogasiti n'kutuma munthu wachilendo kuti akagwade pamanda a mayi ake, ameneyo asaseke mlendo uja, chifukwa onse awiri ndi amodzi.