Takhala tikumanga osuta chamba kuyambira nthawi ya atsamunda, nanga chatha?

Abale anga, ndikudziwa kuti ena mukangowerenga mutuwu munena kuti ndayamba kuikira kumbuyo fodya wamkulu. Ndikupemphani kuti muwerenge kaye, kenako titsutsane bwinobwino m'makomenti.

Kumbukirani chaka cha 2022. Mnyamata wina wa ku Blantyre, wosafika ngakhale zaka 20, anapezeka ndi matumba a chamba, ndipo khoti la majisitireti linamulamula kukagwira ukaidi zaka 8. Nthawi yomweyomweyo mkulu wa kampani ina yaikulu yopanga zakumwa anapezeka wolakwa pa mlandu wodzala chamba pakhomo pake. Iyeyo analipira chindapusa cha K1 miliyoni n'kubwerera kunyumba kwake. Anthu anakwiya, oimba analankhula, achinyamata anachita zionetsero. Bwalo lalikulu linachepetsa chilango cha mnyamatayo kufika pa zaka 3, ndipo mu 2023 anatuluka atakhululukidwa ndi mtsogoleri wa dziko. Tonse tinaomba m'manja n'kuiwala. Koma lamulo limene linamupatsa zaka 8 lija likadalipo mpaka lero, ndipo anyamata ena ambirimbiri amene mayina awo sanafike pa Facebook akadali ku Chichiri, ku Maula ndi ku Zomba. Iwowo palibe anawaimbira nyimbo.

Lamulo timagwiritsa ntchito pa nkhaniyi, la Dangerous Drugs Act, tinalitengera kwa atsamunda m'zaka za m'ma 1950. Ndiye kuti lakhala nafe nthawi yaitali kuposa ufulu wathu wa 1964. Boma la Kamuzu linaligwiritsa ntchito, maboma onse a matipate aligwiritsanso ntchito. Funso langa n'losavuta: m'zaka zonsezi, chamba chachepa? M'mapiri a ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay anasiya kulima? Pamalodibuloko apolisi akugwirabe matumba obisidwa pansi pa makala, m'mabokosi, ngakhale m'galimoto zooneka zaulemu. Amachiwotcha pamaso pa atolankhani, utsi n'kukwera kumwamba, mwezi wotsatira agwiranso china. Kunja dzina loti Malawi Gold likudziwika kuposa tiyi wathu wa ku Thyolo. M'matauni mwathu mwana wa Fomu 2 amadziwa nyumba yomwe amagulitsako, ndipo sachita kuyenda mtunda. Ngati cholinga cha zilango zowawa chinali choti anthu aope, ndiye kuti mantha amenewo sanagwire ntchito.

Chimene chagwira ntchito ndi kuwononga moyo wa amene wagwidwa. Apa ndipamene ndikufuna tikhalitsepo. Taganizirani mnyamata wa zaka 19 wa ku Ndirande kapena ku Mtandire amene wapezeka ndi ndudu ziwiri m'thumba. Amagona m'chitokosi, alibe loya, kukhoti amuuza kuti akavomera mlandu zimuyendera msanga, ndiye amavomera. Chindapusa akalephera kulipira, ulendo wa kundende. Kumeneko akagona mothithikana, ena atakhala tsonga usiku wonse chifukwa malo ogona palibe. Akadya kamodzi patsiku, nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo. Chifuwa chachikulu ndi mphere zili pompo. Izi si mphekesera: mu 2009, pa mlandu umene mkaidi wina, Gable Masangano, anasumira boma, khoti linanena poyera kuti kudzadza kwa ndende zathu n'kuphwanya ufulu wa anthu, ndipo linalamula boma kuti lichepetse kudzadzako ndi theka pasanathe miyezi 18. Zaka zonsezi zapita, ndende zikadali zodzadza kuposa mlingo wake, ndipo ife tikuwonjezeramo anthu amene sanabe, sanamenye munthu, sanagwirire mwana wa wina.

Mnyamata uja amagona chipinda chimodzi ndi anthu othyola nyumba ndi achifwamba. Amatuluka sukulu itamupita, ali ndi mbiri ya mlandu. Akafuna ntchito yofuna kalata ya kupolisi yotsimikiza kuti sanapalamulepo, chitseko chatsekeka. Usilikali, upolisi, ntchito za kunja, zonse zamudutsa. Amene angamulandire ndi manja awiri ndi anzake aja anadziwana nawo kundende. Ndiye tikadzamva kuti wagwidwa akuthyola golosale timati tinanena kale kuti anali wosokonekera. Ayi, ife tomwe tinamutumiza kukaphunzira zimenezo, ndipo tinalipira ndi misonkho yathu.

Palinso china chimene tonse timachidziwa koma sitikonda kuchitchula. Chilango chikakhala chachikulu, mtengo wa chiphuphu umakweranso. Mwana wa bwana akagwidwa, foni imodzi yokha nkhani yatha. Wogulitsa wamkulu amene amatumiza matumba ku Joni ali ndi ndalama za loya ndi za pamsewu. Wotsala m'manja mwa lamulo ndi wosuta wosauka ndi wonyamula amene analipidwa ndalama zochepa kuti afikitse katundu. Ukonde wathuwu ukugwira matemba okhaokha, kampango akuung'amba n'kumapita.

Tsono musandimve molakwika. Sindikunena kuti chamba n'chabwino. Aliyense wa ife akudziwa banja limene likulira chifukwa cha mwana amene anayamba kusuta ali wamng'ono, n'kusiya sukulu, n'kuyamba kuyankhula yekha. Madokotala amanena momveka kuti kusuta kwambiri munthu ubongo usanakhwime kumawonjezera chiopsezo cha matenda a misala, ndipo ogwira ntchito kuchipatala cha anthu odwala matenda a maganizo ku Zomba amaziona zimenezi tsiku ndi tsiku. Mayi amene akutchingira mwana wake kuti asaphwanye mawindo safuna kumva zoti chamba ndi zitsamba chabe. Ine ndili kumbali ya mayi ameneyo. Koma tamufunsani chimene akusowa. Akusowa koti n'kupita naye mwanayo. Dziko la anthu oposa 20 miliyoni likudalira chipatala cha ku Zomba, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi malo ena ochepa kwambiri. Ndipo makolo ambiri amabisa mwana mpaka zitafika poipa chifukwa amaopa kuti akalankhula, oyamba kufika akhala apolisi.

Amene amati vuto n'loti zilango zathu n'zochepa, tayang'anani ku America. Mu 1971 pulezidenti wawo Richard Nixon analengeza kuti mankhwala ozunguza bongo ndi mdani woyamba wa dziko lake. Mu 1986 boma la America linakhazikitsa lamulo loti munthu wopezeka ndi magalamu 5 a crack, mtundu wa kokeni wosuta, imene inkapezeka kwambiri m'madera a anthu akuda osauka, alandire zaka zosachepera 5, chilango chofanana ndi cha munthu wopezeka ndi magalamu 500 a kokeni wa ufa. Ndende zinadzadza mpaka akaidi kupitirira 2 miliyoni. Dziko lolemera kuposa onse, lokhala ndi apolisi ndi zida zimene ife sitingazilote. Komabe m'zaka za 2021 mpaka 2023 anthu oposa 100,000 ankafa chaka chilichonse chifukwa cha mankhwala omwewo. Ku Philippines, Rodrigo Duterte ali pulezidenti anafika polola kuti anthu aziwomberedwa m'misewu, anthu zikwizikwi anafa, ndipo mu 2025 iyeyo anatengedwa kupita kukhoti la milandu ya padziko lonse la ICC ku The Hague. Ngati kuopseza kukanakhala mankhwala, mayiko awiriwa akanachira kalekale.

Dziko la Portugal linayenda njira ina. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 linali pamoto ndi heroin, pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse ankagwiritsa ntchito, ndipo HIV inkafala kwambiri kudzera m'majakisoni obwerekana. Mu 2001 anasintha lamulo. Kugulitsa kunakhalabe mlandu wa ndende. Koma munthu wopezeka ndi mankhwala osapitirira mlingo wa masiku 10 anasiya kupita naye kukhoti. Amakaonekera ku kagulu ka anthu odziwa za malamulo, za umoyo ndi za chisamaliro cha anthu, amene amaona ngati akufunika chithandizo, chenjezo kapena chindapusa. Chachikulu n'chakuti ndalama anaziika kuzipatala, kwa alangizi ndi pothandiza anthu ochira kupeza ntchito. Anthu otenga HIV kudzera m'majakisoni anatsika kuchoka pa oposa 1,000 pachaka kufika pa ochepera 100. Imfa zinachepa. Zimene otsutsa ankaopa, zoti dziko lonse lisanduka la osokonekera, sizinachitike.

Ndikudziwa kuti wina abwera ndi nkhani ya Oregon, ndipo akhala akunena zoona. Chigawo chimenechi cha ku America chinavota mu 2020 kuti kupezeka ndi mankhwala ochepa kusakhalenso mlandu. M'malo mwake munthu ankapatsidwa tikiti ya madola 100, imene inkafufutidwa akaimba foni yofunsira chithandizo. Ochepa kwambiri ndi amene ankaimba, ndalama za chithandizo zinachedwa kufika, mankhwala oopsa kwambiri otchedwa fentanyl anali atangolowa mwamphamvu, ndipo anthu anatopa ndi kuona ena akubayira mankhwala m'misewu. Mu 2024 anabwezeretsa chilango. Nkhani imeneyi imandiopsa, chifukwa ife tikhoza kugwa m'dzenje lomwelo: kusintha mawu a lamulo koma osamanga ngakhale chipinda chimodzi chothandiziramo anthu. Tikachita zimenezo tidzalephera, ndipo odana ndi kusintha adzakhala ndi chonena kwa zaka zambiri.

Si azungu okha amene akuganiziranso nkhaniyi. Bungwe la West Africa Commission on Drugs, limene Kofi Annan, mkulu wakale wa United Nations, anayambitsa ndipo Olusegun Obasanjo, mtsogoleri wakale wa Nigeria, analitsogolera, linanena mu 2014 kuti wosuta azionedwa ngati wofunika chithandizo ndipo mphamvu za apolisi zipite kwa ogulitsa akuluakulu. Ghana mu 2020 inasintha lamulo lake kuti wopezeka ndi mankhwala ongogwiritsa ntchito yekha azilipira chindapusa m'malo mwa zaka zambiri za ndende, ngakhale kuti wolephera kulipira amatherabe komweko, chimene kwa ine chikutanthauza kuti wosauka sanapulumuke. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito, khoti lalikulu kwambiri linagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu asamangidwe chifukwa chosuta kapena kudzala chamba chake m'malo ake achinsinsi.

Ndiye pali chimene chimandipweteka kwambiri kuno kwathu. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act, ndipo kunakhazikitsidwa bungwe la Cannabis Regulatory Authority loti lizipereka ziphaso zolimira chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale. Atsogoleri anatiuza kuti mbewu imeneyi itithandiza pamene msika wa fodya ukugwa. Koma chiphaso cha chamba cha mankhwala anachiika pa madola 10,000. Ndi mlimi uti wa ku Nkhotakota angapeze ndalama zimenezo? Zotsatira zake n'zoti mwini ndalama, kaya wa kuno kaya wochokera kunja, akulima ndi chilolezo cha boma ndipo akutchedwa wobweretsa chitukuko, pamene mlimi amene makolo ake anasunga mbewuyi kwa mibadwo akuthamangitsidwa m'phiri. Mwana wake akagwidwa ndi ndudu imodzi ndi chigawenga. Mtima wanga sungavomereze kuti dziko limodzi likhale ndi malamulo awiri otere pa mbewu imodzi. Ndipo musaiwale kuti kachasu ndi mowa wotchipa waukali, zimene zapha anyamata ambiri m'midzi mwathu, zikugulitsidwa masana dzuwa likuswa mtengo.

Chimene ndikupempha si choti chamba chizigulitsidwa pamsika ngati tomato. Wogulitsa kwa ana asukulu amangidwe, ndipo chilango chake chikhale chowawa. Wodutsitsa kokeni ndi heroin pabwalo la ndege la Kamuzu kapena pachipata cha Mwanza ndi Songwe asamumvere chisoni. Woyendetsa minibasi atasuta alandidwe laisensi. Koma lamulo lilembe momveka kuchuluka kwa magalamu amene akusiyanitsa wosuta ndi wogulitsa, kuti nkhaniyi isamathere pa mmene wapolisi kapena majisitireti wadzukira tsiku limenelo. Wopezeka ndi zochepera pamenepo asalowe m'ndende ndipo asakhale ndi mbiri ya mlandu. Njira zina tili nazo kale: makhoti athu ali ndi mphamvu yolamula munthu kugwira ntchito zothandiza anthu m'dera lake m'malo mwa ukaidi, ndipo lamulo la 2010 loteteza ana limalola kuti mwana wolakwa asadutse m'khoti koma athandizidwe kusintha. Tingozikulitsa kuti zifikire ndi anyamata a zaka 19 ndi 25 amene akudzadza m'zitokosi.

Ndalama zimene boma limawononga posunga mkaidi wa ndudu ziwiri, ndiponso gawo la ndalama za ziphaso zija, zipite kukaphunzitsa anamwino ndi alangizi a matenda a maganizo, kuti pachipatala chilichonse cha boma m'maboma onse 28 pakhale munthu woti mayi uja angamufikire popanda kuopa unyolo. A mipingo ndi a mizikiti, mafumu ndi aphunzitsi akhale nawo pokambirana, chifukwa ndi amene amayamba kuona mwana akusintha.

Aphungu athu anatha kusintha lamulo mu 2020 pamene anaona kuti muli madola. Inu amene muli ndi nambala ya phungu wa kwanu, mufunseni kuti adzaimirira liti m'Nyumba ya Malamulo kupempha kuti Dangerous Drugs Act iunikidwenso, ndipo mudzatiuze pano zimene wayankha.