Agogo akamanidwa mdzukulu: kuno ku Mchinji ndi kutsidya kwa Mwami

Nkhaniyi kawirikawiri imayamba maliro akatha. Mwamuna wamwalira, mkazi wake watenga ana n'kukakhala pa boma, mwina wakwatiwanso. Mayi ake a malemu amanga mtedza pa kansalu, akwera kabaza, afika pa geti, ndipo yankho lake n'lakuti ana sali pakhomo, pamene timapatapata tawo tili poyera pakhonde. Ulendo wina foni siyankhidwanso.

Kodi gogo wotereyu zimamuyendera bwino kuti, kuno kapena ku Chipata?

Mwambo suona malire a dziko. Mchewa wa kwa Mkanda ndi Mchewa wa ku Katete onse ndi a Kalonga Gawa Undi, amakumana ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, ndipo onse amati ana ndi a kuchikazi. Mwini mbumba ndi malume. Agogo akuchimuna amakondedwa, amapatsidwa ulemu, koma pa bwalo mawu awo ndi opepuka. Kwa Angoni a Mpezeni, kaya a ku Mtenguleni kaya a kwa Mlonyeni kuno, zimatembenuka: ng'ombe zikapita, ana ndi a kuchimuna, ndipo wolira pa geti ndi gogo wobala mayi. Ndiye pa mwambo funso lenileni ndi lakuti ukwatiwo unali wachikamwini kapena wolowola.

Kusiyana kumaonekera ankhoswe akalephera, nyakwawa nayo itagwa ulesi.

Zambia idasunga makhoti ang'onoang'ono ozenga milandu ya chikhalidwe, omwe amawatcha Local Court. Ali pafupi ndi anthu, mulibe maloya, munthu amadziyankhulira yekha m'Chinyanja. Ife makhoti amakolo adathetsedwa pobwera matipate, chifukwa nthawi ya chipani chimodzi adagwiritsidwa ntchito moipa. Orton ndi Vera Chirwa adawagamula kuti aphedwe m'khoti lotero mu 1983. Lamulo lobwezeretsa makhoti ang'onoang'ono lidadutsa mu 2011, koma milandu ya m'banja idakali m'manja mwa majisitireti. Pa kufupika ndi kutsika mtengo, anzathu atiposa, sindikutsutsa.

Koma taganizani za gogo wa mtedza uja. Iye ndi wakuchimuna pakati pa Achewa. Akapita ku bwalo loyendera mwambo, akukadandaula kwa mwambo womwewo umene wamuika kunja kwa mpanda. Apa ndiye ndimaona kuti lamulo lathu la 2010 la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana lili ndi mano. Limalola kholo, wachibale, ngakhale munthu wina woyenera kupempha khoti la ana kuti azimuona mwana nthawi ndi nthawi. Silifunsa za malowolo. Limafunsa chomwe chingamukomere mwanayo, monga momwe gawo 23 la malamulo aakulu a dziko limanenera. Zambia nayo idasonkhanitsa malamulo ake a ana kukhala limodzi mu 2022, ndipo mutu wake ndi womwewo, ubwino wa mwana patsogolo.

Agogo ambiri amapunthwa pomwepa. Amalowa m'khoti ndi mawu akuti "magazi anga amenewa", kapena "mwana wa mwana wanga sindingamupemphe kwa munthu wobwera". Majisitireti safuna kumva zimenezo. Akufuna kudziwa ngati mwanayo amakudziwani, ngati mudamulerapo, kusukulu ankachokera kwanu kapena ayi, ndipo mayi ake akukana chifukwa chiyani. Ndipo tinene zoona, nthawi zina mayiyo ali ndi chifukwa. Pali agogo amene adanyamula malata, njinga ndi mbuzi maliro asanazizire, chinthu chomwe lamulo la chuma cha masiye la 2011 limachitenga ngati mlandu. Lero omwewo akuti akusowa mdzukulu. Ena amapempha mwana wa masiku awiri a tchuthi, sabwezanso mpaka mvula. Mayi woteroyo akatseka geti ine sindimuweruza msanga.

Achibale athu a ku Joni amadziwa kuti South Africa idalemba zofananazo mu 2005: aliyense wokhudzidwa ndi moyo wa mwana angapemphe khoti kuti azimuona. Kumenekonso ugogo pawokha supambanitsa mlandu.

Chovuta cha ife a m'malire n'chakuti mpongozi akhoza kungowoloka. Geti la m'malire la Mwami ndi la Mchinji adawaphatikiza kukhala limodzi mu 2022, anthu akudutsa mosavuta kuposa kale, koma pepala la majisitireti wa ku Mchinji silikalamula wapolisi wa ku Chipata. Mwana akapita kutsidya, nkhani mukayiyambira konko. N'chifukwa chake amene mdzukulu wake akadali kuno asadikire chaka. Ayambe ndi ankhoswe, akakanika apite ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma, omwe amaitana mbali zonse n'kulemba lipoti lomwe khoti limawerenga. Wopanda ndalama ya loya akafunse ku Legal Aid Bureau. Ndipo popempha, pemphani chinthu chomveka: Loweruka limodzi pa mwezi, kapena sabata imodzi ya tchuthi cha Disembala, tsiku lobweza mwana litalembedwa.