Mliri suimitsa masiku a rimandi

A mtolankhani, mwalemba kuti makhoti akachepetsa ntchito chifukwa cha mliri, oganiziridwa milandu azingodikira. Ayi ndithu, masiku amawerengedwabe. Chisinthireni lamulo la Criminal Procedure and Evidence Code mu 2010, wa mlandu wa kwa majisitireti sayenera kupitirira masiku 30 pa rimandi mlandu usanayambe. Wa kupha, kugwirira kapena kuba moopseza ndi masiku 90. Boma likafuna kuwonjezera lipemphe khoti nthawiyo isanathe, ndipo owonjezerawo sapitirira 30. Kulengeza kuti dziko lili pangozi, monga mu Malichi 2020 chifukwa cha COVID-19, sikunachotse malire amenewa, ngakhale maola 48 oti apolisi akhale atapititsa womangidwa kukhoti.

Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje zimathina pa milandu ya kupha, poti imadikira High Court ya ku Blantyre. Kundende alembe tsiku lomwe aliyense analowa ndi lomwe nthawi yake ikutha, majisitireti apite konko, akhale panja pamthunzi n'kumva zopempha belo pa milandu ya kukhoti kwake. Selo yothithikana, chidebe chimodzi usiku wonse, kutentha kwa kunoku, kolera sachedwa.

Inu amene m'bale wanu ali mkati, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osowa loya, mutanyamula tsiku lomwe anamangidwa ndi nambala ya mlandu.