Musanampatse njinga, muyezeni kaye!

Pali chithunzi chikuyendayenda m'magulu a WhatsApp chimene chandiwawitsa mtima. Mpingo wina wagawa njinga za anthu aulumali. Abusa atchena suti, amayi ali mu yunifolomu, kumbuyo kuli chinsalu cholembedwa dzina la opereka. Kutsogolo kuli mwana wooneka ngati wazaka 7, amukhazika m'njinga ya munthu wamkulu, ija yokankhira odwala m'chipatala. Mwanayo wamiramo. Miyendo ikulendewera osafika popondera, mutu wagwera kumbali, ndipo poopa kuti agwa amumanga ndi chitenje pachifuwa. Ndiye m'makomenti muli "Amen", "Ambuye akudalitseni abusa". Awadalitse pa chiyani?

Ndinene mosapsatira mawu. Njinga imene mwapereka musanamuyeze munthu si thandizo, ndi chilango. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Inu akulu ampingo, inu madikoni, inu a komiti ya zachifundo, mukamagulira mwana wanu nsapato mumafunsa saizi. Nanga chinthu chimene munthu adzakhalapo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, tsiku ndi tsiku, mungochitsitsa mu lole n'kunena kuti uyu atenge iyi, uyo atenge iyo? Kuyeza kwake sikufuna makina. Ndi tepi ya atelala yomweyi, ndi munthu wodziwa poyeza. Munthuyo akhale tsonga pamalo osalala. Muyeze kukula kwa chiuno chake, chifukwa mpando uyenera kumugwira bwino m'mbali osamupana. Muyeze kuchokera kumbuyo kwa matako mpaka kuseri kwa bondo, n'kuchotsapo masentimita 3 mpaka 5, kuti pakati pa mpando ndi kuseri kwa bondo pazilowa zala ziwiri kapena zitatu. Muyeze kuchokera kuseri kwa bondo mpaka kuchidendene atavala nsapato zimene amavala nthawi zonse, kuti popondera pakhale pamene phazi likufika, koma pasatsike mpaka kumakhula pansi: pasiyane ndi nthaka masentimita osachepera 5. Kenaka choyedzamira. Munthu wolimba msana amene amapalasa yekha safuna chachitali, chimamutsekereza mapewa. Mwana wosatha kuimika khosi amafuna chachitali, chokhala ndi zomugwira m'nthiti, chotsamiritsa mutu ndi lamba wa m'chiuno. Lamba wa m'chiuno, osati chitenje pachifuwa chimene mwana akatsetsereka chimathera pakhosi.

Mukaphonya zimenezi chimachitika n'chiyani? Mpando ukakula, munthu amapendekera mbali imodzi, ndipo kwa mwana amene mafupa akukula msana umapindika n'kukhala choncho. Mikono imavutika kufikira mikombero yopalasira, mapewa amayamba kuwawa, munthu amene akanatha kudziyendera yekha amasanduka wodikira kukankhidwa. Mpando ukatalika, amatsetsereka n'kukhalira kafupa ka kumapeto kwa msana. Mapazi akamalendewera, thupi lonse limalemerera pamatako ndipo miyendo imatupa. Mwana wodyetsedwa phala mutu uli chogwera kumbali kapena chagada amatsamwa, chakudya chimalowera kumapapo, mawa mumva kuti wagonekedwa ndi chibayo. Palibe amene adzanene kuti ndi njinga ija. Adzati ndi mmene analili mwanayo.

Ndiye pali nkhani ya khushoni. Njinga zambiri zogawidwazi zimabwera ndi chinsalu chokhachokha pokhalira, chimene pakapita miyezi chimalendewera pakati. Munthu amene anavulala msana samva kuwawa m'matako, sadziwa kuti magazi asiya kuyenda pamene fupa likupanikiza khungu. Chilonda chimayamba ngati kadontho. Pakhungu lathu lakudali sipafiira ayi, pamangoderapo, pamanyezimira, pamatentha kapena kulimba. Ngati munthu wachoka pampando kwa mphindi 30 koma malowo sanabwerere mwakale, asakhalirenso pamenepo, apite kuchipatala. Mukazengereza pamabooka, chilonda chimadya mnofu mpaka kufika pafupa, chimatenga miyezi kuti chipole, ndipo chimapha. Inde, chimapha. Ndani anauza banja lija kuti aziona matako ndi chiuno m'mawa ndi madzulo? Ndani anamuphunzitsa mwini njinga kuwerama chakutsogolo kapena kupendekera kumbali pa mphindi 15 mpaka 30 zilizonse kuti magazi ayende? Ndani anawauza kuti khushoni ikanyowa ndi mkodzo iyenera kuuma asanaikhalire, kapena kuti azilowetsa dzanja pansi pa mafupa okhalira n'kuona ngati zala zikutha kugwedezeka, ndipo zikakanika ndiye kuti khushoniyo yatha ntchito? Palibe. Kwaya inaimba, anthu anamwa zoziziritsa kukhosi, galimoto zinanyamuka.

Muyezeni munthuyo, mukaonenso kumene akukhala. Njinga ya m'chipatala ili ndi timatayala ting'onoting'ono kutsogolo, inapangidwira simenti yosalala ya m'wodi. Ipititseni pamchenga wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota, imatitimira pakhomo pomwepo. Ipititseni m'tinjira ta miyala ta ku Ndirande nthawi ya dzinja, mabering'i amadya matope, mafoloko amapindika. Yoyenera kumudzi ndi ija ya matayala atatu, yokhala ndi tayala limodzi lalikulupo kutsogolo, ndipo matayala akumbuyo akhale ofanana ndi a njinga yakapalasa kuti chubu, masipoko ndi mpope zipezeke kwa wokonza njinga pamsika. Mabuleki a njinga zimenezi amagwira pokanikiza tayala, ndiye mpweya ukachepa mabuleki athanso, munthu n'kugwa pamene akusamukira pakama. Mwasiya mpope? Mwasiya sipanala? Yendani m'midzimu muone njinga zongokhala pakhonde, tayala limodzi kulibe, nkhuku zikuikiramo mazira.

Ndipo si aliyense wosayenda amene akufuna njinga yokhalira imeneyi. Bambo wa mikono yamphamvu amene amagulitsa malonda kutali akufuna ya matayala atatu yopalasa ndi manja. Mwana wina akufuna mpando wapangodya umene kalipentala wa mumpingo momwemo angakhome akapatsidwa miyezo. Wina akufuna choimiritsira, wina ndodo, wina zitsulo za m'miyendo. Khanda lobadwa ndi mapazi opindikira m'kati likufuna pulasitala likadali laling'ono, likhoza kudzayenda bwinobwino. Mungadziwe bwanji zonsezi muli pa guwa?

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo a kaperekedwe ka njinga zimenezi m'chaka cha 2008. Muli masitepe 8: kutumiza munthu kwa odziwa, kumuunika, kusankha njinga yomuyenera, kupeza ndalama ndi kuitanitsa, kuikonza molingana ndi thupi lake, kumukhazikapo n'kusintha pofunika, kumuphunzitsa iye ndi omusamalira, ndi kudzamuyenderanso. Kujambulitsa mulibemo. Ife tatenga chimene mulibecho, tasiya 8 zonse. Mwana amakula, amafunika kuonedwanso pa miyezi 6 iliyonse. Komiti yanu idzapitakonso liti? Dzina la mwanayo munalilemba n'komwe?

Kaya ndi opereka akunja amene akufuna zithunzi za lipoti, kaya n'kusadziwa chabe, izo n'zanu. Koma musandiuze kuti kunalibe kofunsa. Pachipatala cha boma pali a mafizo. Kuli a MAP, bungwe lothandiza anthu aulumali, ndi malo awo a mafizo a Kachere ku Blantyre. Kuli MACODA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, ija tinkaidziwa kuti MACOHA. A bungwe la 500 miles anakhazikitsa malo pa Kamuzu Central ndi pa Mzuzu Central opangira miyendo yochita kuvala ndi zogwiriziza miyendo. Ana a mavuto a mafupa amathandizidwa kuchipatala cha Beit CURE. Makolo a ana aulumali ali ndi bungwe lawo la PODCAM, mabungwe a anthu aulumali ali pansi pa FEDOMA. Foni imodzi yokha mwambo usanachitike. Safunsa anadya phula, koma apa phulalo akudya ndi mwana wa eni.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu aulumali m'dziko muno ndi oposa 1.5 miliyoni. Ndiye kuti ali mumpingo uliwonse, mu mphakati uliwonse, mu Mvano ndi mu Dorika muli amayi awo. Mukufuna kuthandiza? Yambani ndi kukhala pamphasa ndi mayi amene akuberekabe mwana wazaka 12 kumsana, mumufunse chimene chikumuvuta. Mwina akuuzani kuti ndi ndalama ya basi yopitira ku mafizo mwezi ndi mwezi. Mwina ndi sopo ndi matewera. Mwina akungofuna munthu woti amukhalire ndi mwana maola atatu kuti apite kuchigayo kapena kumunda. Amayi amathandizana mosinthana pamaliro, n'chifukwa chiyani sangasinthane pa izi? Koma izi sizijambulika, n'chifukwa chake sizichitika. Ndipo ngati ndalama yakwana njinga 5 zoyezedwa bwino zokhala ndi khushoni, gulani 5 zomwezo. Lekani kunyadira 50 zopha misana.

Komanso mundiuze, mwanayo mwamupatsa njinga, alowa bwanji m'tchalitchi mwanu? Masitepe mbwee pakhomo, anyamata anayi kumunyamula ndi njinga yomwe anthu akuonerera. Ena mwayesako kumanga potsetsereka pokwerera njinga, koma amisiri anu apanga chiphedi choti ngakhale wamiyendo iwiri amaterereka. Muyezo wake ndi wodziwika: pokwera sentimita imodzi, kutalika kukhale masentimita 12. Khonde lokwera masentimita 30 likufuna potsetsereka potalika mamita 3.6, posaterera, pokhala ndi chogwirira. Chitseko chikhale masentimita 90. Za kuchimbudzi ndiye musanene, kakhomo kopanikiza, dzenje pansi, pansipo ponyowa, mukufuna munthu akwawe ndi manja pamenepo atavala zovala za Lamulungu? Anthu akumadzimana madzi ndi tiyi m'mawa kuti asafune kutaya madzi ku mapemphero a maola anayi. Ndalama ya matayilosi ndi masipika atsopano munaipeza pa pepa Sande imodzi yokha. Matumba angapo a simenti akukuvutani?