Musamanene kuti Aiguputo sankatha kusema

Ine zimandiwawa ndikamamva anthu akuti ziboliboli za ku Iguputo nzouma gwa, ati Agiriki ndi amene anabwera ndi luso lenileni. Nanga Agirikiwo anayambira pati? Taonani ma kouros, anyamata amwala aja anayamba kusemedwa cha m'ma 600 BC, phazi lamanzere kutsogolo, manja ali m'mbali atafumbata zibakera, kaimidwe ka mafarao kenikeni. Nthawi imeneyo Agiriki anali mbwee ku Iguputo, ena pa geni mu mzinda wa Naukratis ena usilikali waganyu, moti ena anakazokota maina awo pa mwendo wa chiboliboli cha mfumu Ramesses II pa kachisi wa ku Abu Simbel ndipo alipobe mpaka lero.

Polykleitos, mmisiri wachigiriki wotchuka pa zoyeza thupi, ulemu wake ndimampatsa, zimenezo sindikana. Cha m'ma 440 BC anapanga Doryphoros, mnyamata wonyamula mkondo, thupi lonse latsamira mwendo umodzi winawo wangomasuka, chiuno chapendekera uku mapewa uko, ukamuyang'ana umangoona ngati aponya phazi pompano. Yoyambirira ya bronze inasowa kalekale, ili ku Naples ku Italy ija ndi yokopera ya marble yomwe anaipeza ku Pompeii.

Koma zoyeza thupi sizinayambe ndi iye ayi. Mmisiri wa ku Iguputo ankayamba wajambula timabokosi pakhoma, 18 kuchokera kuphazi kukafika pomwe tsitsi layambira pachipumi, kenako munthu nkumukwanitsa m'menemo. Komanso chiboliboli chake sichinali choti uzichizungulira ukusirira minofu, chinali chiwalo cha kachisi. Ganizirani holo ya kachisi wa ku Karnak ya mfumu Seti I ndi mwana wake Ramesses II, nsanamira 134, zapakati 12 zotalika pafupifupi mamita 21, kuwala kukungolowera m'timawindo tamwala kumwamba uko, ndiye m'makachisi amenewa ukamalowa mkati pansi pamanka pakwera denga likutsika mdima ukuchuluka mpaka kukafika kachipinda ka mulungu komwe munthu wamba samapondako, ansembe ndi mfumu basi. Pakhomo pa malo otere ungaimikepo mfumu yopendekera mbali imodzi ngati ikudikira minibasi? Imayenera kukhala nji, osagwedezeka mpaka muyaya, chifukwa ntchito yake inali imeneyo.

Anthu amene anasema phiri ku Abu Simbel, mafumu anayi a mamita 20 pakhomo, nkuyeza bwinobwino kuti dzuwa lizilowa mpaka kuchipinda chomaliza kawiri pachaka, mu February ndi October, mundiuze kuti kupinda bondo la chiboliboli ndiye kukanawakanika?