Lekani kuopseza anthu ndi mawu akuti “anasiya kupanga”

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Sabata yathayi azakhali anga, amene anapuma ntchito ya uphunzitsi, anaganiza zogulitsa Toyota Vitz yawo kuti amalizitse nyumba imene akumanga, ndipo kunabwera dobadoba wina amene anangoizungulira galimotoyo, n'kumenya matayala ndi phazi, kenako n'kunena mopanda manyazi kuti: “Mayi, galimoto zimenezi anasiya kupanga, mukachedwa mudzaigulitsa ngati chiphapha.” Boneti sanatsegule, injini sanailize, za bulu buku ndi COF sanafunse n'komwe, koma mtengo anali nawo kale pakamwa, ndipo sunafike ngakhale theka la umene anthu akugulitsira Vitz ya chaka chomwecho. Azakhali anakhala ndi nkhawa usiku wonse, poganiza kuti chinthu chimene achisamala kwa zaka zambiri chatha ntchito iwo osadziwa.

Mfundo yanga ndi imodzi yokha. Kusiya kupangidwa kwa mtundu wa galimoto ku Japan sikutsitsa mtengo wa galimoto imene ikuyenda bwinobwino pa msewu wa M1. Fakitale ikatseka mzere wa mtundu wina, injini imene ili pabwalo panu siidziwa zimenezo, siyamba kumwa mafuta ambiri tsiku lomwelo, ndipo makaniko amene wakhala akuikonza saiwala ntchito yake chifukwa cha chilengezo chimene chatuluka ku Toyota City, kumene kuli likulu la kampani ya Toyota. Munthu amene akukuuzani kuti galimoto yanu yagwa mtengo chifukwa chakuti anasiya kupanga, asanaone ngakhale oyilo, akufuna kukuberani masana dzuwa likuswa mtengo.

Ndi zoona kuti dzina la Vitz linatha ku Japan mu 2020, pamene kampaniyo inaganiza zoti galimotoyo izitchedwa Yaris monga mmene inkatchedwera kale m'mayiko ena. Koma tafunsani kuti ndi galimoto iti mwa zimene zadzaza m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu imene ikupangidwabe mmene ililimu. Spacio inatha mu 2007, Raum mu 2011, Belta inachoka pa msika wa ku Japan mu 2012, Ractis ndi IST zinatha mu 2016, Wish mu 2017, Premio ndi Allion mu 2021, Passo mu 2023. Nissan March anasiya kuigulitsa ku Japan mu 2022, ndipo Mazda Demio inasintha dzina mu 2019. Ngakhale Sienta ya nyali zozungulira ija, imene yasanduka msana wa bizinesi ya mataksi m'matauni ndi m'maboma athu, maonekedwe ake amenewo anatha mu 2015. Kukanakhala kuti mawu a dobadoba uja ndi oona, bwenzi pafupifupi dziko lonse likuyendera ziphapha, ndipo bwenzi magalimoto akugulidwa pa mtengo wa njinga ya kabaza. Aliyense amene wayesapo kugula galimoto zaka zimenezi akudziwa kuti sizili choncho.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti anthu omwewa, mukawapeza pa malo amene amaimikapo magalimoto ogulitsa, lilime lawo limatembenuka. Belta imene ili m'manja mwawo amaitcha galimoto yolimba, yosavuta masipeya, yosadya mafuta, ndipo mtengo wake satsitsa ngakhale mutachonderera. Passo imene aitsitsa kumene pa Songwe amailemba mtengo wa galimoto yamakono, chonsecho mtundu wake unatha kale. Akamagula kwa inu, kusiya kupanga ndi matenda oopsa. Akamagulitsa kwa inu, nkhani ya kusiya kupanga siituluka n'komwe pakamwa pawo. Choonadi sichisintha malinga ndi mbali imene munthu waima, ndipo chimene chimasintha choncho ndi bodza la malonda basi.

Tiyeni tinene zimene amakaniko amadziwa. Kampani ikasiya dzina la galimoto, nthawi zambiri imasiya thupi ndi chizindikiro, koma za m'kati zimapitirira m'mitundu ina. Injini yaing'ono ya 1KR, ya masilinda atatu, imene ili mu Vitz zambiri, ndi yomweyo imene mumaipeza mu Passo ndi mu Belta. Injini ya 1NZ ili mu Corolla, Axio, Fielder, Raum, Ractis, IST, Spacio, Sienta, Premio, Allion ndi Probox, ndipo inapangidwa yochuluka kwambiri kwa zaka zoposa makumi awiri. Mnyamata amene waphunzira ntchito pa galaja ya ku Biwi kapena ya ku Ndirande amaidziwa injini imeneyi asanadziwe ina iliyonse. Mapulagi, mafyuluta, mabuleki, mashoko, mabushi, zonsezi zimapangidwa ndi makampani ambirimbiri amene sayembekezera chilolezo cha aliyense kuti apitirize, chifukwa iwo amayang'ana kuchuluka kwa magalimoto amene ali pa msewu, osati amene ali m'fakitale. Kuwonjezera apo, magalimoto amene aphwasulidwa ku Japan amatumizidwa m'makontena monga mainjini, magiyabokosi ndi zidutswa zina, ndipo zambiri zimadzera ku Dubai ndi ku Dar es Salaam mpaka kufika m'mashopu a ku Limbe. Galimoto imene sipeya yake mungaipeze tsiku lomwelo, ndipo makaniko wa pa Mponela kapena pa Balaka angaiike popanda kuimbira foni munthu, imeneyo ndi galimoto yamtengo, kaya dzina lake likadali m'buku la kampani kaya linafufutidwa.

Ndiponso mtengo wa galimoto m'dziko muno umatsatira ndalama zimene munthu angawononge kuti aitanitse ina yofanana nayo. Wogula amawerengera mtengo wa ku Japan m'madola, ndalama ya sitima yofikitsa pa doko la Dar es Salaam kapena Durban, dalaivala ndi mafuta a ulendo wonse, msonkho wa MRA umene umayang'ana zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, kenako kulembetsa ku Road Traffic. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, inatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki. Zonsezi zikutanthauza kuti galimoto imene ili kale m'dziko muno, ya mapepala oyera, yolipiridwa msonkho, ndi chuma chimene mwini wake sayenera kuchitaya. Kodi dobadoba uja zimenezi sakuzidziwa? Akuzidziwa bwino kuposa ine, ndipo n'chifukwa chake anathamangira kwa mayi wachikulire m'malo moitanitsa yake.

Abale athu amene ali ku South Africa angachitire umboni. Kampani ya Nissan inasiya kupanga kabaki ka 1400 mu 2008, koma mpaka lero kakunyamulabe katundu m'makomboni a ku Johannesburg, ndipo amene ali nako kabwinobwino sakagulitsa mwachisawawa. Citi Golf inatha mu 2009, Toyota Tazz mu 2006, ndipo zonsezi zikufunidwabe ndi anthu amene akudziwa kuti n'zosavuta kukonza. Land Rover Defender yakale ija, imene inasiya kupangidwa mu January 2016, anthu akuilimbirana m'mayiko ambiri. Mayina enieniwo amapita n'kubwerera: mu 2023 dzina la Vitz linatulukiranso ku South Africa pa galimoto ina yaing'ono yochokera ku Suzuki. Ndiye munthu azitaya chuma chake chifukwa cha zilembo zinayi zomatidwa kumbuyo kwa buti?

Sindikunena kuti palibe galimoto imene imagwa mtengo ikasiya kupangidwa. Ilipo, ndipo ndiitchula kuti wina asanene kuti ndabisa. Pamene General Motors, kampani imene imapanga Chevrolet, inachoka ku South Africa kumapeto kwa 2017, eni a Chevrolet anali ndi chifukwa chomveka chodera nkhawa, popeza apo sikunali kutha kwa mtundu umodzi koma kuchoka kwa kampani yonse m'dzikomo. Chimodzimodzinso galimoto imene m'dziko muno zilimo zowerengeka, ya injini yakeyake, ya kompyuta imene palibe amene angaiwerenge, imeneyo imavuta kugulitsa, ndipo ikaphwanyika nyali kapena galasi lakutsogolo ikhoza kukhala pa galaja miyezi. Koma taonani bwino: galimoto yotere inali yovuta kugulitsa ngakhale pamene inkapangidwa. Chimene chimaigwetsa ndi kusowa kwa masipeya ndi amisiri kuno kwathu. Mark X, imene inatha mu December 2019, anthu ena amaiopa chifukwa injini yake ya V6, ya masilinda asanu ndi imodzi, imafuna mafuta ambiri m'dziko limene taphunzira kugona pa mizere ya pa filing'i siteshoni, ndipo mantha amenewo analipo kale chaka cha 2019 chisanafike. Vitz ilibe vuto lililonse mwa amenewa. Kuiika m'gulu limodzi ndi magalimoto osowa masipeya ndi chinyengo chochita kukonzekera.

Chifukwa chimene makampani amasiyira mitundu n'chodziwika: zokonda za ogula a kwawoko zimasintha, malamulo a utsi amakhwima, ndipo amafuna kuchepetsa mitundu yofanana. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chikukhudza galimoto ya azakhali anga.

Chimene chiyenera kutchula mtengo ndi galimotoyo payokha. Injini ikutulutsa utsi kapena ayi, giyabokosi ikusintha mosalala kapena ikugwedeza, pansi pali dzimbiri kapena palibe, inachitapo ngozi kapena sinachitepo, oyilo ankasinthidwa pa nthawi yake kapena ankadikira kuti nyali iyake, mapepala ali m'dzina la wogulitsayo kapena ali m'dzina la munthu amene sakudziwika kumene ali. Wogula wachilungamo amayamba ndi zimenezi, amabwera ndi makaniko wake, amaiyendetsa, ndipo akapeza vuto amalitchula n'kunena kuti achotsapo zingati chifukwa cha vutolo. Pamenepo wogulitsa angathe kuvomera kapena kukana, ndipo palibe amene waberedwa. Koma kufika pakhomo pa munthu ndi chiganizo chimodzi choloweza pamtima, chimene umachinena kwa mwini Vitz, mwini Raum ndi mwini Tiida mofanana, kumeneko si kugula ayi, ndi kuopseza.

Ndipo amasankha bwino owaopseza. Sapita kwa mwini galaja kapena kwa dalaivala wa taksi, chifukwa akudziwa kuti akawaseka. Amapita kwa amayi amasiye amene atsala ndi galimoto ya malemu amuna awo, kwa opuma ntchito amene akudikirira ndalama zawo za penshoni, kwa kholo limene fizi ya mwana yalipanikiza, kwa wodwala amene akufuna ndalama ya chipatala mawa. Amanunkhiza mavuto a munthu, n'kuwonjezerapo mantha, kuti munthuyo asapeze mpata wofunsa kwina. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo anthu amenewa ntchito yawo yonse ndi kuonetsetsa kuti musafunse. N'chifukwa chake nthawi zonse amakhala ndi changu, amati ndalama ali nazo m'thumba lero lokha, amati mawa mtengo utsikanso chifukwa zatsopano zikubwera. Zatsopano zake ziti, pamene anthu ambiri akulephera kuitanitsa ngakhale yakale?

Inu amene muli ndi galimoto ya mtundu umene unatha, musalole kuti munthu akuchititseni manyazi nayo. Funsani amakaniko awiri kapena atatu amene sakudziwana, funsani m'mashopu a masipeya ngati zida zake zikupezeka ndi mitengo yake, onani zimene anzanu akulemba pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp ogulitsirana magalimoto, werengerani ndalama zimene mungafunike kuti muitanitse yofanana nayo lero. Mukatero ndiye mutchule mtengo wanu, ndipo munthu akayamba nyimbo ya “anasiya kupanga” mumufunse kuti akuonetseni sipeya imodzi yokha ya galimoto yanuyo imene yasowa pa msika. Akalephera, mutsegulireni geti. Ndipo inu ana ndi adzukulu amene mumadziwa za magalimoto, musasiye makolo anu okha pa malonda otere, chifukwa ulemu umene iwo amapereka kwa mlendo ndi umene akubawa amadyerapo.

Kwa madobadoba ndinena mosapita m'mbali. Ntchito yolumikizitsa wogula ndi wogulitsa si yoipa, ndipo alipo amene amaigwira moona mtima n'kulandira komishoni yawo poyera. Koma inu amene mumadya thukuta la anthu okalamba ndi bodza limeneli mukuipitsa dzina la anzanu onse. Ngati galimoto imene anasiya kupanga ilibe phindu, mukuifuniranji? Mukuyenderanji mtunda wonsewo, kuwononga mafuta ndi mayunitsi, kufunafuna chinthu chimene inu nomwe mukuti chatha ntchito?

Ndipo popeza mumakonda kunena za zinthu zimene zimatsitsa mtengo wa galimoto, tiyeni tinene za mileji. Ndi angati mwa magalimoto amene mumagulitsa amene nambala ya pa dashibodi ikugwirizana ndi imene inalembedwa pa pepala la okushoni ku Japan? Galimoto ya zaka khumi ndi zisanu, chiwongolero chake chosalala ngati chapakidwa mafuta, mpando wa dalaivala wobooka, mapedulo otha mphira, koma mileji ikuonetsa ngati yangotuluka kumene m'fakitale. Wogula akapempha pepalalo mumati linasochera pa doko. Pakapita miyezi yochepa giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT yayamba kulira, munthu wosalakwa akulowa m'ngongole kuti agule ina, inu foni mwazimitsa.